A Custódio abwerera pamsewu

Lachiwiri

[10:12] Hélio: dulce ndaipeza plaka ija
[10:12] Hélio: ya zithunzi, yoti jogo ya kamiyawo, gemu yoyendetsa lole ija, isiye kudumphadumpha pa komputadori ya kunyumbayo
[10:31] Dulce: zoona mano, achimwene anga? paja munati ku loja, kusitolo kwanuko, mtengo wake ndi malipiro anu a mwezi wonse
[10:33] Hélio: imeneyo inali yatsopano. iyi ndi yakale, ya mkulu wina kuno ku Tete amene watseka kanyumba kake ka majogo. ndampatsa foni yanga yakale ndi sipika, tasinthana basi
[10:34] Dulce: koma ikugwira?
[10:36] Hélio: anaiyatsa ine ndikuona. chabwino nchakuti siifuna magetsi ambiri. komputadori yathuyo ndi ya muofesi, plaka yaikulu ikanaiwotcha
[10:37] Dulce: zimenezo mukuzidziwa ndinu, ine yanga ndi jakisoni kkk
[10:37] Hélio: abambo bwnj?
[10:52] Dulce: chimodzimodzi. pakhonde, bulangete m'miyendo. kamiyawo ikamadutsa amayang'ana kumbali
[10:53] Dulce: dzanja lamanzere lija akukana kuliphunzitsa. kampira kofinya ka kuchipatala kali pansi pa mpando. chidwalireni sitiroko sindinawamvepo akuseka
[10:55] Dulce: ndipo ndikuopa mano. pa Pasaka munawaikira jogoyi, anangoiona pang'ono nkuti ikuwachititsa chizungulire
[10:58] Hélio: chfkw inkadumpha. munthu wakalambira pa chiwongolero cha kamiyawo pa msewu wa Beira, iwe nkumuonetsa kamiyawo yoyenda ngati chule?
[10:59] Hélio: mawa a Agostinho akukwera ndi simenti ku Kalomwe, adzakusiyira ku Ulongwe konko. ndaikamo ndi flashi
[11:03] Dulce: anzawo a abambo aja?
[11:03] Hélio: omwewo

Lachitatu

[13:20] Dulce: katundu wafika
[13:22] Dulce: koma abambo atangomva huta ya a Agostinho analowa kuchipinda nkutseka. akuluwo, ataitana abambo kt "a Custódio!" kawiri, anaima pabwalo chipewa m'manja, amayi kumangopepesa. amwa madzi, apita
[13:23] Dulce: mano?
[15:47] Hélio: ndinali ndi kasitomala
[15:48] Hélio: ayi ndikunama. sindinaganize kt angachite manyazi ndi mnzawo
[15:55] Dulce: nanenso sindinaganize. mawa ndikaweruka tiiyike

Lachinayi

[14:05] Dulce: ndatsegula. fumbi lili umu tingadzalemo nyemba
[14:06] Hélio: wazula chingwe kukhoma?
[14:06] Dulce: eya
[14:07] Hélio: puputa kaye ndi burashi youma. ukatero gwira chitsulo cha bokosilo ndi manja usanakhudze plaka. uona kangalande kakatali kakuda chakumunsi, plaka imalowa mmenemo
[14:19] Dulce: [chithunzi]
[14:19] Dulce: sikulowa
[14:20] Hélio: kanikiza pang'ono
[14:21] Dulce: mano onani chithunzicho bwinobwino. kachitsulo ka kumapeto kwa plaka nkatali kuposa bokosi. ngakhale nditakhalira
[14:26] Hélio: epa
[14:27] Hélio: bokosi lathulo ndi lija lopyapyala. ndinaiwala. pamafunika kachitsulo kakafupi
[14:28] Hélio: [mawu 0:19]
[14:30] Dulce: kupepesa ndamva. nanga mwiniwake uja alibe kakafupiko?
[14:44] Hélio: akuti anataya kalekale
[14:45] Dulce: ndiye foni yapita, sipika yapita, abambo adzitsekera kuchipinda, zonsezi chfkw cha chinthu chosalowa
[14:46] Hélio: ndifunsa m'maloja mawa
[14:58] Hélio: dulce
[15:30] Hélio: usakwiye mana, mlongo wanga
[16:41] Dulce: ndili kumsika kwa a Aurélio owotcherera zitseko
[16:41] Hélio: ukutani kumeneko??
[16:42] Dulce: akudula
[16:42] Hélio: ayi ayi auze asiye, plaka siyandikira moto
[16:43] Hélio: [kuimba, sikunayankhidwe]
[16:49] Dulce: kkkk khazikani mtima pansi. plaka ili kunyumba mu thawulo. ndinamasula kachitsuloko, kanali ndi timaskuluwu tiwiri basi. ndabwera nako pamodzi ndi bokosi kt ayeze
[16:50] Dulce: adula, apinda kumutu, aboola. andifunsa ngati ndi chitseko cha khola la mbira
[16:51] Hélio: wandiopseza iwe
[17:32] Dulce: yalowa. yalira kuti tha
[17:33] Hélio: ndi momwemo. manga, tseka, yatsa
[17:40] Dulce: kampepe ka pa plaka kakuzungulira koma pa monitori mdima
[17:41] Hélio: mdima weniweni?
[17:41] Dulce: bii
[17:45] Dulce: mwina ndaipha pomasula paja
[17:46] Hélio: dikira. chingwe cha monitori wachilowetsa pati?
[17:46] Dulce: pomwe chimakhala
[17:47] Hélio: chichotse pamenepo. pano chizilowa pa plaka yatsopanoyo, kumunsi
[17:50] Dulce: yaoneka
[17:50] Dulce: mano yaoneka, koma zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani
[17:51] Hélio: zili bho. lowetsa flashi, muli kanthu kamodzi kokha, kadine kawiri uzingovomera mpaka iziyatsenso yokha
[18:14] Dulce: [kanema 0:27]
[18:16] Hélio: ona mmene ikutsetserekera. mpaka mvula ikuoneka pa galasi
[18:16] Hélio: ndaonera katatu
[18:17] Dulce: amayi angofika kuchokera kudimba, aima ndi dengu la kachewere pamutu, akufunsa ngati ndi msewu wa ku Zóbuè
[18:18] Hélio: abambo awona?
[18:19] Dulce: mawa. lero kwazizira, alowa msanga

Lachisanu

[12:10] Hélio: ndiye?
[12:58] Dulce: ndawaitana. afika pakhomo ndi ndodo, ayang'ana, akuti ana inu mwandiona kt ndasanduka khanda eti, mpaka kundigulira zidole
[12:59] Dulce: abwerera pakhonde
[13:00] Dulce: ndawauza kt mwasinthitsa foni yanu. akuti ndani anamtuma
[13:25] Dulce: mwawerenga ndikuona
[17:02] Dulce: musawakwiyire. si inu akukukanani
[17:40] Hélio: ta bom, chabwino. ingoisiya. ndikadzabwera ndidzaigulitsa

Loweruka

[09:03] Dulce: musanagulitse ndati ndisewereko inenso, ndinavutika nacho chinthuchi
[09:04] Dulce: ndanyamula matabwa. ndagunda kale chikwangwani ndi galimoto ya eni ake
[09:11] Hélio: kkk
[09:38] Dulce: ndafika koma akuti ndibweze tirela m'mbuyo ilowe pakati pa mizere. ikungopindika ngati mpeni
[09:39] Hélio: pamenepo nanenso pamandikanika
[09:44] Dulce: chitseko ndasiya chotsegula chfkw cha utsi wa mbaula. abambo atembenuza mpando
[09:44] Dulce: sindikuwayang'ana
[09:51] Dulce: [mawu 0:33]
[09:53] Hélio: dulce
[09:53] Hélio: amenewo ndi abambo?
[09:54] Hélio: ndamva bwino kodi? akuti "iwe, ukafuna tirela ipite kumanja chiwongolero umapotokola kumanzere, anakupatsa ndani katundu wa eni"
[09:55] Dulce: ndi iwowo. akukalipa ali pakhonde
[09:55] Hélio: usakonze. pitiriza kulakwitsa
[09:56] Dulce: sindikuchitira dala mano, ikundikanikadi
[10:07] Dulce: alowa
[10:07] Dulce: akuti choka
[10:08] Hélio: [kuimba, sikunayankhidwe]
[10:21] Dulce: musaimbe, ndikuwaonetsa. chiwongolero ndaika pa mausi kt agwiritse dzanja lamanja
[10:22] Dulce: ulendo woyamba awomba khoma. wachiwiri ayang'ana magalasi onse awiri, pang'onopang'ono, tirela yalowa ngati ulusi pa singano
[10:23] Dulce: atero, "mmm." kenako afunsa kt katundu wina ali kuti
[10:24] Hélio: ndili mu loja anthu akundifunsa kt ndamva uthenga wanji
[10:25] Dulce: auzeni wabwino
[10:49] Dulce: mano mverani izi
[10:50] Dulce: buleki ili pa batani lalitali lija, kumanzere. ndimawadinira ndine. pa mtsetse wina ndachedwa, andiyang'ana moipa, achotsa dzanja langa
[10:51] Dulce: asiya mausi, anyamula dzanja lawo lamanzere ndi lamanja, alikhazika pa batanipo
[10:51] Hélio: likudina?
[10:58] Dulce: poyamba ayi. kamiyawo inapita m'tchire
[10:58] Dulce: pano likudina. ndi zala ziwiri, mochedwa, koma likudina
[10:59] Dulce: amayi atuluka panja, akuti utsi wawalowa m'maso
[11:00] Hélio: nanenso kuno utsi
[11:36] Dulce: madandaulo ayamba. akuti mausi si chiwongolero, ndipo amene anapanga jogoyi sanayendepo pa msewu wa maenje
[11:37] Dulce: aseka okha atanena zimenezo
[11:38] Hélio: auze chiwongolero ndifufuza chakale. ngakhale ndisinthitse nsapato
[11:39] Dulce: ndawauza. akuti uyeze kaye bokosi ulendo uno
[11:39] Hélio: unawauza zimenezo iwe
[11:40] Dulce: ndinauza amayi, abambo anali pakhonde. tinkayesa sakumva
[13:15] Hélio: adya?
[13:17] Dulce: chakudya chazizira pa tebulo. amayi aitana kawiri
[13:18] Hélio: ndikufuna ndiwamve mawu. ndikuimba pa foni yawo
[13:19] Hélio: ikungoitana
[13:21] Hélio: dulce apatse foniyo
[13:24] Dulce: ndawapatsa, aona dzina lanu
[13:24] Dulce: akuti munthu sayankha foni ali pa chiwongolero. muimbe akatsitsa katundu