Nsungwi Yokhota

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, ku Nsaru.

Nsungwi zowedzera zimene anasiya malemu amuna anga: 7. Zowongoka: 6. Yokhota: 1. Anthu amene andiyankhula lero: 1.

Kunali mphepo tsiku lonse. A Makwinja, tenanti wa ku esiteti amene ankawedza ndi malemu aphunzitsi, amuna angawo, ku damu Loweruka lililonse, anabwera kudzapempha nsungwi imodzi. Akubwerera kwawo ku Mulanje ndipo akufuna chokumbukira mnzawo.

Ndinafuna kuti yabwino kwambiri itsale kwa ine. Ndinaziyala pakhonde, ndinaziyeza ndi tepi yosokera, ndinawerenga mfundo zake. Ndinasunga zowongoka zonse, iwo n'kuwapatsa yokhota, yakuda pogwirira, imene ndakhala ndikuchotsera akangaude kudenga.

Anaigwedeza pang'ono, nsonga inanjenjemera. Anavula chipewa.

"Amayi, mwandipatsadi iyi? Ndiye mwandilemekeza. Zinazo aphunzitsi ankangobwereka alendo. Iyi inali yawoyawo, ngakhale ine sankandilola kuikhudza. Kansomba kakangonunkhiza nyambo, iyi imanena. Ankati imamva msanga kuposa ana awo a sitandade 8!"

Ndinaseka nawo. Kani pakuda paja ndi pamene pankakhala dzanja lawo, ine ndinkayesa litsiro. Zaka 41 m'nyumba imodzi, ku damuko sindinapiteko ndi kamodzi komwe.

Ndikanatha kunena kuti ndalakwitsa. Koma munthu anali atathokoza kale katatu, akuwomba m'manja. Ndinawagwirira njinga pamene ankaimangirira, ndinawaperekeza mpaka kumpanda.

Zotsala: 6, zonse za alendo.

E. Nachisale