Zojambula za Malemu Arezki

Lachiwiri, 4 Okutobala 1994, Algiers

Tamuika Arezki masana ano. Dzulo m'mawa, pakhomo pa sitolo ya buledi, zipolopolo zitatu. Amuna awiri, ndipo akuti pochoka sanathamange n'komwe.

Kumanda aliyense wolankhula mawu ake amodzimodzi: tataya Udzudzu, wojambula makatuni wopanda mantha. Ine manja m'thumba. Arezki sankatha kujambula ngakhale dzira. Zaka zisanu ndi zinayi, iye mawu, ine chithunzi, pansi pake dzina limodzi, Udzudzu. Kungoti iye anali wapakamwa. Komwera khofi ankafunsa aliyense, "Mwaiona yanga ya lero?" Ine aneba amangodziwa kuti ndimajambula za m'mabuku a sukulu.

Katuni imene amuphera: chigawenga chandevu cha kumapiri ndi mkulu wa asilikali a boma akusewera domino pamwamba pa bokosi la maliro. Sabata imeneyo Arezki anali chigonere ndi chimfine. Chithunzi changa, mawunso anga. Iye anaionera m'nyuzipepala ngati wina aliyense, n'kuseka mpaka kutsamwa.

Lachinayi, 6 Okutobala

Ndayatsa galimoto, kaseti ya Arezki yayamba yokha. Anaisiya Loweruka. Mayi wa Chifalansa, mawu osasa, akodiyoni pambuyo, kudandaula za mwamuna amene anakwera sitima yapamadzi. Arezki ankaimba nawo moipa kwabasi. Ankati, "Mphwanga, Afalansa tinawathamangitsa ndi mfuti, koma mayi uyu anatsalira m'khutu mwanga. Ndikamuthamangitse ndi chiyani?"

Ndatseka mawindo, ndachepetsa mawu. Masiku ano ngakhale nyimbo ikhoza kukugulira nsalu yoyera ya maliro. Mphindi makumi awiri ndili chikhalire, galimoto ikungolira, osapita kulikonse.

Lolemba, 10 Okutobala

Ku ofesi. Mpando wake palibe waukhudza. Kapu yake ilipo, khofi anaumiramo.

Mkonzi wathu, amene timamutchula mwaulemu kuti Si Boualem, wandikokera m'khonde. Akuti ndithokoze Mulungu, opha aja akhutira, kwa iwo Udzudzu wafa. Ndikajambulanso adziwa kuti anaphonya. Ouardia, mkazi wanga, ananena zomwezo dzulo akusenda mbatata, maso pa mpeni.

Kunali msonkhano wa ufulu wa atolankhani. Sindinapite. Ufulu wathu ndimaudziwa: kosindikizira kuli munthu wa boma ndi pensulo yofiira, pamsewu pali zigawenga zija ndi mfuti. Wina amadula chithunzi, wina amadula wojambula. Nthabwala imeneyi Arezki akanaikonza bwino. Ineyo yandithera pomwepa.

Loweruka, 15 Okutobala

Dzanja silimva. Ndimati ndijambule ngamila ya buku la ana, yatuluka ndi mphuno ya Arezki. Ndang'amba. Ndajambula msodzi, makutu ake omwe aja. Mapepala asanu ndi awiri m'bini.

Masana pa sitepe ndamva munthu akuimba mluzu nyimbo ya mayi uja, kuphonyanso pamene iye ankaphonya. Ndatsegula chitseko. Mphaka wa aneba basi.

Lachitatu, 19 Okutobala

Kwabwera Zoubida, mkazi wa malemu, ndi katoni ya makaseti. Makumi anayi ndi atatu, onse a Chifalansa. Akuti m'nyumba mwake sangawamverenso, kutaya sangathenso.

Ouardia atapita kukatenga khofi, Zoubida wandiyang'ana m'manja. "Achimwene, ine ndakhala naye zaka makumi awiri. Ndikudziwa amene ankajambula." Ndasowa pothawira. Ndimayembekeza kutukwanidwa, mwina zikanandipepuza. Koma iye akuti ana ake awiri aakazi adula makatuni onse, amata pakhoma, amauza anzawo kuti ndi za bambo awo. "Musawalande zimenezo. Zina zonse alandidwa kale."

Ndalonjeza. Chimene ndalonjeza kwenikweni, kaya.

Loweruka, 29 Okutobala

Nzeru ya Si Boualem. Tilengeza kuti malemu anasiya zojambula zambiri m'kabati, tizitulutsa imodzi pa sabata. Ine ndizijambulira kunyumba. Lamulo limodzi: za masiku onse zokha, madzi osatuluka m'mipope, mizere ya mafuta ophikira, nduna zonenepa. Chilichonse chimene chachitika Arezki atamwalira, osachikhudza.

Ndavomera msanga mochititsa manyazi. Ouardia wangokatseka zenera.

Ndaika kaseti, mwamuna wa gitala yekha, woseka ansembe ndi apolisi mwaulemu ngati akuwapatsa moni. Dzanja layenda. Mawu apansi pa chithunzi abwera okha, m'kalankhulidwe ka Arezki, osati kanga. Ndaseka ndekha m'chipinda. Kenako mantha.

Lachiwiri, 1 Novembala

Yoyamba yatuluka. Nyuzipepala inatha isanakwane 9 koloko. M'basi mayi wina amaionetsa mnzake, akuseka uku akupukuta misozi. "Amupha koma akulumabe." Ndinali nditaima pambali pake, nditagwira chitsulo. Sindinayambe ndanyadapo chonchi. Sindinayambenso ndadziona wakuba chonchi.

Zoubida waimba foni. Ana amata kale pakhoma.

Lachiwiri, 15 Novembala

Yachitatu. Nduna ikusamba m'bafa lodzaza, anthu panja ndi zigubu zouma. Wa pensulo yofiira anailola, akuti wakufa sangamutengere kukhoti.

Makaseti ndafika pa nambala 19. Ndimajambula pokhapokha akulira. Ouardia akuti m'nyumba muno tikukhala atatu.

Lachitatu, 16 Novembala

Kometetsa, m'mawa. Hocine wometa anali ndi nyuzipepala yadzulo pagalasi. Nkhani ili mkamwa mbwembwembwe, lumo lili pakhosi panga. Akuti koma malemuyu ndi mneneri. Nduna ija inameta ndevu zapamlomo sabata yatha yomweyi, tonse tinaiona pa TV, mlomo uli mbee. Nanga munthu amene tinamuika pa 4 Okutobala anadziwa bwanji kuti aijambule yopanda ndevu?

Onse anaseka. Ine ndinayang'ana katuniyo. Zoona. Diso linaona pa TV, dzanja n'kujambula, mutu osadziwa.

Pabenchi panali munthu wina wachilendo, wajekete lachikopa, sanaseke. Amayang'ana chala changa chapakati, pamene inki sichoka ngakhale ndi sopo. Nthawi yake yometedwa itakwana anati abweranso, wakumbukira kanthu.

Lachinayi, 17 Novembala

Si Boualem akuti ndichoke lero, kwa mlongo wake ku Bejaia, ndipo Udzudzu ufe kachiwiri. Ouardia walongeza zikwama ziwiri. Makaseti akuti sakwana. Ndaikamo asanu, ndatulutsa malaya.

Ya sabata yamawa ndaimaliza kale, ili patebulo, inki sinaume n'komwe. Ndi yabwino kuposa zonse zimene ndajambulapo. Ndiisiye kapena ndiing'ambe?

Taksi tinaiuza 3 koloko. Pano ndi 2 koloko yokha, koma pansi paima galimoto, injini osazimitsa. Ouardia wapita pazenera. Akuti si taksi, koma mwina ndi...