Mbama Imene Sindinamenye

Lachiwiri, 4 Juni

Filimu yathu yatuluka. Koma chomwe chafika m'mafoni a anthu si filimu yonse ayi, ndi kachidutswa kamodzi: ine ndikumuwomba mbama mkazi wanga wa m'seweromo, iye n'kugwera pampando. Basi. Anthu akungotumizirana komweko.

Kushopu kumene ndimagwira ntchito mayi wina anabwera kudzagula utoto. Kundiyang'ana, kundiyang'ananso, n'kubweza chitini pakauntala. Akuti sangagule kwa munthu wonga ine. Abwana kuseka mpaka kutsokomola, ati ndatchuka. Zaka zonsezi ndikusewera mbali yomweyi m'maholo, anandizindikirapo ndani pamsewu? Lero ndine Chilombo. Ndi dzina limene owerenga buku lachikondi lomwe tinatengamo seweroli anamupatsa mwamuna wa m'bukumo kalekale, sewero lathu lisanabadwe n'komwe. Tsopano landimatirira ine.

Ndisaname, zandikomera. Ndiye kuti ndinagwira ntchito.

Mwana wanga Timba wandichingamira pageti ngati masiku onse, kundikwera pakhosi, kundipisa m'matumba. Mwana wa sitandade wani koma kulemera ngati thumba la simenti.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinakatenga Timba kusaluni kwa alamu anga, mng'ono wa amayi ake, kumene amadikirira akaweruka. Kulowa pakhomo ndapeza bwalo la milandu, wozengedwa ndine.

Kusaluniko kuli shelefu ya mabuku achikondi. Zikuto zong'ambika, masamba onunkhira mafuta a tsitsi. Amabwerekana, amakangana, ena mpaka kusiya kulankhulana chifukwa cha anthu oti kulibe. Buku lathuli ndiye baibulo lawo.

Wina, mutu uli m'chowumitsira tsitsi, akuti mwamuna wa m'buku ndi wamtali, wa pachifuwa potambalala. "Nanga uyu? Mkazi angalirire kamimba aka?" Wina akuti analiwerenga mpaka kupsereza mpunga, ndipo akanakumana naye mwamunayo akanamuthira madzi owira. Polankhula akuyang'ana ine, ketulo ili pafupi. Onse kumutchula ngati munthu wokhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo.

Alamu ndiwo anandibaya. "Alamu, maso aja munawatenga kuti? Munthu sangonamizira maso otere." Anaseka, tonse tinaseka.

Timba anali pakona, foni ya azakhali ake ili pamiyendo. Sanandithamangire. Panjira wakana kundigwira dzanja, akuti chikwama chikulemera.

Loweruka, 8 Juni

Timba anakaonera kachidutswa kaja. Osati kamodzi. Makasitomala ankangokabwereza, iye ali pomwepo, palibe anaganiza zomutulutsa.

Patebulo wasuntha mpando wake kupita mbali ya amayi ake. Nditatambasula dzanja kuti nditenge mchere, wabisa mutu m'mapewa. Mwana amene sindinamukhudzepo ngakhale ndi kaudzu. Mcherewo ndinausiya.

Mayi a Timba akalipirana ndi mng'ono wawo pafoni. Yankho lake: ana onse aonera, wanuyo ndi dzira?

Ndamukhazika pansi. Ndati lija ndi sewero, timangonamizira, mayi uja ndi mnzanga. Wamvetsera, maso ali pazala zanga. Kenako: "Nanga bwanji analira?"



Muholo zinali zosavuta. Sewero likatha tinkatulukanso tonse titagwirana manja n'kuwerama. Mfumukazi, yemwe wakhala mkazi wanga wa pasiteji chiyambire, ankandikoka khutu anthu akuona, holo yonse n'kufa ndi phwete. Aliyense ankapita kwawo akudziwa kuti Chilombo ndi kamunthu kogulitsa misomali. Filimu ilibe zimenezo. Imangotha ndi mayina okwera m'mwamba omwe sawerengedwa ndi munthu.

Lamlungu, 9 Juni

Mutu wanga uwu. Ukanakhala wogulitsa ndikanausinthanitsa ndi dzungu.

Ndinaganiza kuti mwana akaona mmene timachitira, mantha atha. Mbama ya pasiteji ndi bodza la anthu awiri. Dzanja limadutsa kutsogolo kwa nkhope osakhudza, womenyedwayo amatembenuza mutu n'kuwomba m'manja chapansi, pomwe oonera sakuona. Phokoso lonse lija ndi lake. Timaphunzitsa zimenezi aliyense wolowa kumene m'gulu.

Ndinapempha mayi a Timba kuti aime pakati pa balaza. Anayamba akana, kenako anavomera akuseka. Tinayeserera kukhitchini, zinatheka. Ndinamuitana Timba, ndati taona matsenga a adadi.

Chimene sindinachiganizire ndi thupi langali. Lachita mbali imeneyi kambirimbiri, silifunsanso. Nditangokweza dzanja, nkhope ija inabwera yokha, mapewa, mpweya, zonse. Mayi a Timba nawo anawomba m'manja mwaluso ngati anabadwira pasiteji. Phaa!

Kukuwa kwa Timba sindidzakuiwala. Analowa pakati pathu, kundikankha m'mawondo ndi timanja tija, kenako kukakamira miyendo ya amayi ake. Anadzikodzera. Amayi ake kumuonetsa tsaya, kuseka mokakamiza, kuwombanso m'manja kuti aone, iye osamva chilichonse.

Aneba anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Ndinatsegula ndine, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana kudutsa paphewa panga.

Ndimati ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti m'chidebemo muli palafini.

Lachitatu, 12 Juni

Akazi a aneba apatsa moni mayi a Timba pachingwe choyanikira zovala: "Muli bwanji? Ndikutanthauza, muli bwanji kwenikweni?" Awabwereka buku. Nalonso lachikondi, la mkazi amene anathawa mwamuna wankhanza n'kukwatiwa ndi dokotala. Apinda tsamba pomwe mkaziyo akulongedza katundu.

Mayi a Timba aseka mpaka kukhala pansi. Ine kuseka kwakana.

Timba sawasiya amayi ake okha ndi ine. Akalowa kubafa, iye amakhala pakhomo. Ndikalowa kukhitchini, amabwera kudzaima pakati ngati akufuna madzi. Kamlonda kopanda ndodo. Ndikamuona choncho mtima umandipweteka, ndiponso ndimamunyadira, n'kusowa kuti ndichite ziti.

Kushopu abwana andisunthira kumbuyo, kosakaniza utoto. Ati mpaka mphepoyi idutse.

Loweruka, 15 Juni

Ndinapita kwa adairekita.

Pasiteji sewero limatha mwamunayo atabwerera, atagwada, akupepesa. Tinajambulanso mbali imeneyo, ndikukumbuka bwino chifukwa mawondo anandiwawa tsiku lonse. Mufilimu mulibe. Ndimati andipatseko, Timba aone kuti munthu uja anagwada.

Akuti anaichotsa dala. Filimu isanatuluke anaitana gulu la owerenga bukulo kuti adzaonere, ndipo atafika pogwadapo anangotsala pang'ono kuswa mipando. M'buku mkaziyo sakhululuka, amachoka osacheuka. Ati sewero lathu linawabera mathero awo kwa zaka zambiri, filimu isayerekeze. Mayi wina mpaka anati mkaziyo akamukhululukira mwamuna ameneyu iye akadandaula kuwailesi.

Chabwino, ndati, ingondipatsani ndekha. Anaitana wolumikiza zithunzi. Anakanda m'mutu, akuti zonse zotsala anafufuta, makina anadzaza.

Adairekita osaona vuto. Kundisisita pamsana. "Akakuda ndiye kuti wapambana, achimwene. Ena amalira kufuna zimenezi." Ayamba kale kukamba za filimu yachiwiri, akuti owerenga akufuna Chilombo chivutike pang'onopang'ono.

Ndinawauza za Timba. Anati ana saachedwa kuiwala. Alibe mwana.

Pobwerera kondakitala wandiitana kuti Chilombo, basi yonse kutembenuka. Agogo ena anasuntha thumba lawo.

Lachinayi, 20 Juni

Ndameta ndevu zomwe ndinasungira filimu. Ndimati mwina ndi zimenezo. Timba wandiyang'ana ngati mlendo wolowa nyumba yolakwika. Ndaonjezera vuto.

Salankhula nane mwachindunji. "Amayi, auzeni asaine kope langa." Ndili pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene waima.

Buku lija ndaliwerenga tsopano, koyamba, nditabisala kuseri kwa zitini nthawi ya nkhomaliro. Zaka zonsezi ndinkangodziwa mawu anga a m'sewero. Amayi a kusaluni aja sakulakwa. Mwamunayo ndi galu. Pofika pakati ndinali nditamuda ndi mtima wonse, ndipo nkhope yomwe ndinkaiona powerenga inali yanga.

Mayi a Timba akuti ndisiye kumukakamiza, zidzatha zokha. Mwina. Koma dzino la Timba lakutsogolo lagwedera, lachoka, ine ndamva kwa aneba.

Lamlungu, 23 Juni

Mfumukazi anabwera masana. Nzeru za mayi a Timba, ine ndinali nditasiya kuganiza.

Analowa ndi phokoso lake lija, mabisiketi m'manja, kundinena kuti popanda ndevu ndikuoneka ngati mbatata yosenda. Timba anamuzindikira nthawi yomweyo. Anaima chilili, pakamwa yasa.

Mkazi uja amadziwa ana. Anakhala pansi pasimenti, n'kumuuza kuti agwire tsaya, afufuze bwinobwino ngati pali chipsera. Timba anafufuza ndithu, mbali zonse ziwiri, mpaka kuseri kwa khutu. Kenako funso lake lija, loti nanga bwanji munalira.

Mfumukazi anati taona. Anangoyang'ana kukhoma kanthawi, milomo n'kuyamba kunjenjemera, misozi mbwembwembwe. Kenako anatulutsa lilime. Timba anaseka! Koyamba chichitikireni zonsezi. Anati achitenso, anachitanso. Ine kukhitchini ndagwira sinki, ndikumwetulira ndekha.

"Ndi ntchito yathu imeneyi, mwanawe," anatero Mfumukazi. "Adadi akonso amatha. Amandiposa ine."

Atapita, ndinakhala pakhonde. Timba anatuluka yekha, wopanda womutuma, n'kuima pafupi moti ndikanatha kumukhudza. Ndinaona mpata wa dzino lija. Sindinakonzekere chilichonse. Ndinangoti pepa mwana wanga, ndinakuopseza. Amayi ako sindinawamenyepo, sindidzawamenya, iwenso sindidzakumenya. Ndakusowa. Misozi n'kutsika, yoti sindinaiitane.

Anasendera pafupi. Anandiyang'anitsitsa mmene anafufuzira tsaya lija, mbali iyi, mbali iyo. Anakhudza msozi umodzi ndi chala, n'kuchiyang'ana.

"Mwakhoza, adadi. Ngati zenizeni."

Walowa m'nyumba kukauza amayi ake kuti ndi zoona, adadi amaposa anti aja.

Ndimafuna kumuitana, ndimuuze kuti ayi, misozi iyi si ya kuntchito. Koma ndinene ndi mawu ati, ndi nkhope iti? Ndili nayo imodzi yomweyi, ndipo ndi yomweyo ya Chilombo.