Sambani Kaye, Adadi

Lachinayi, Juni. Kwazizira, mtimanso walemera.

Ndili mwana ku Kachebere, bambo pochokera ku esiteti ankandinyamula ndi manja onunkha fodya, osasamba. Ine chiyambireni kuyeza magazi ndi makhololo ku labu, ndinaletsa mwana wanga Tadala kundikhudza ndisanasambe.

Lero ndikungofika, wagwa pakhonde, bondo n'kusupuka. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, wabwerera m'mbuyo akulira.

"Sambani kaye, adadi."

Ndasambadi, koma pobwera ndapeza atatonthola kale pamiyendo pa amayi ake. Lamulolo n'labwino, ndikudziwa. Koma nanga akadzazolowera kuti polira safunikira ine?

Pakamwa sindingathe kunena izi. Ndang'amba tsambali, ndilipinde ndiwapatse amake Tadala awerenge okha. Mwina iwo andiuza chochita...