Nsalu Zanga Zimene Simunadule

Bambo,

Lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Pa ana anu atatu palibe amene akukusowani kuposa ine, ndipo ndagula tsamba lonse la nyuzipepala kuti zimenezi zimveke. Achemwali akamakulirani amalirira kuchipinda. Mng'ono wanga amalirira pa makina ake osokera, phokoso n'kumamubisa. Ine sindinazolowere kuchitira zinthu pakona. Muwerenge mpaka kumapeto, Bambo, chifukwa ndili ndi dandaulo.

Chithunzi chili pamwambachi ndasankha ndine. Pambali panu panaima mng'ono wangayo, ndiye ndinauza a nyuzipepala kuti amudule. Amudula ndithu, koma dzanja lake latsala paphewa panu. Akuti akalichotsa achotsanso kolala ya jekete lanu. Ndafufuza m'zithunzi zonse za pabanja, choti tili awiriwiri, inu ndi ine, palibe.

Mukukumbukira mmene ndinachokera pakhomo panu: ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kachikwama kamodzi, ndi buluku limodzi lomwe munandisokera. Ndinayamba ndi kutola zitsulo zakutha pa wilibala yobwereka. Lero malole anga ndi makumi awiri ndi atatu, ndipo dzina langa lili pachitseko cha lole iliyonse, zilembo zazikulu zoti ngakhale wodwala maso awerenge. Ndaponda mayiko khumi ndi anayi. Ndagona m'mahotela momwe madzi amatuluka okha ukangotambasula manja. Koma kulikonse kumene ndafika, chinthu choyamba kufunsa chinali sitolo ya nsalu. Ndinkaifinya nsalu m'dzanja n'kuisiya, kuti ndione ngati ikhwinyate, mmene munkachitira inu. Dziko lililonse ndinkagula nsalu imodzi ya suti, yapamwamba kwambiri, n'kukutumizirani. Ndinkafuna kuti anthu akakuonani azifunsa kuti atelala avala chiyani, inu muziyankha kuti ndi mwana wanga. Simunavale ngakhale imodzi. Mpaka tsiku lanu lomaliza munali m'jekete lotuwa lija la zigamba m'zigongono.

Pomwe mng'ono wangayo, amene munkamutchula kuti Chete, munthu wosadziwa mmene ndege imaonekera mkati, munkamusokera malaya chaka ndi chaka. Zinali zidutswa zotsala za makasitomala, mkono wina mtundu wina, koma zinkamukhala ngati anabadwa nazo. Ine munkanditchula kuti Mphepo. Munkati anthu amangondimva ndikumenyetsa zitseko, akatuluka kuti andione ndadutsa kale. Anthu ankaseka, ine ndikuseka nawo mokweza kuposa onse. Ndikafika m'galimoto kuseka kunkatha.

Tonse timakumbukira tepi yanu yoyezera yomwe inkakhala m'khosi ngakhale pachakudya. Timakumbukira mmene munkalankhulira mapini ali m'kamwa, Amayi akukukalipirani kuti tsiku lina adzakuikani m'manda mukubaya anthu. Kuseka kwanu kunalibe mawu, ankagwedezeka ndi mapewa okha, poopa kumeza pini. Munkati munthu aliyense, kaya ndi m'busa kaya ndi wapolisi, amanama tepi ikafika pamimba, amakoka mpweya n'kudziyesa wochepa, kenaka buluku likathina mlandu n'kukhala wa telala. Amayi amanenabe zimenezi akaona munthu akudzikuza, ndipo nthawi zambiri amanena akuyang'ana ine.

Nyumba yanu, Bambo, tinaisiya. Amayi anasamukira kwa achemwali m'tauni miyendo itayamba kuwavuta. Chete anakatsegula kashopu kake pamsika, ulendo wa maola awiri. Mwezi wathawu achemwali anaimba foni kuti mlimi woyandikana nafe uja akufuna kugula malowo, agwetse nyumba, alimepo. Tinagwirizana kuti tikumane komweko Loweruka masana, aliyense atenge chake, kenaka tivomere. Ine ndinalawirira m'mamawa, ndekha. Sindikubisirani cholinga changa. Ndinkafuna makina anu osokera ndikawaike mu ofesi mwanga, m'bokosi lagalasi, Chete asanawakhudze. Ndinkafunanso kupeza chinthu chimodzi chokha chosonyeza kuti m'nyumbamo munali malo anga.

Galimoto ndinaisiya patali chifukwa njira yamera tchire. Udzu wafika m'mazenera. Loko anachita dzimbiri, kiyi anakana, ndinachita kumumenya ndi sipanala. Nditatsegula, mileme inandidutsa kumaso, ine amene ndimalankhula pamaso pa anthu mazana osaphethira ndinakuwa ngati mwana. Kalendala ikadali pa mwezi umene munatisiya. Kapu yanu yachitsulo ili pawindo, mwauma kangaude. Pansi pa bedi pali nsapato imodzi ya Amayi, inzake sindikudziwa anapita nayo bwanji. Chiswe chadya mwendo wa kabati, moti yapendekeka ngati munthu wotsamira khoma kumvetsera zokamba anthu. Lata limodzi linachoka pamwamba pa chipinda chomwe tinkagona anyamata, ndipo pakati pa chipindacho pamera kamtengo ka papaya, kataliko kundifika m'chifuwa.

Ndinayamba kufufuza zanga. Wailesi yaikulu yomwe ndinakugulirani ili pamwamba pa kabati, m'bokosi lake momwe, tepi ya kusitolo yosamatula. Patebulo pali kawailesi kakale kaja kamene Chete anakamanga ndi waya. Wotchi yagolide yomwe ndinakupatsani pamaso pa anthu ndinaipeza m'chitini cha mabatani, yasakanikirana ndi mabatani a yunifolomu za ana asukulu. Mpando wofewa womwe ndinatumiza pa lole yangayanga, makoswe aberekeramo, ndipo zikuoneka kuti ndi okhawo amene anaukhalapo. Koma kampando kopotoka kaja kamene Chete anakhoma ali kusukulu, kamwendo umodzi waufupi, kakuwala pokhalira chifukwa cha kukhalidwa. Chilichonse chomwe ndinagwira m'nyumbamo chinkandiuza chinthu chimodzi, kuti munali ndi mwana mmodzi wamwamuna, winayo anali wotumiza katundu.

Ndinalowa m'chipinda chanu chosokera. Makina munalibe. Panangotsala zipsera zinayi pasimenti pomwe panali miyendo yake. Ndiye kuti munamupatsa kale Chete, inu muli moyo, ine osauzidwa. Ndinamenya chitseko ndi phazi, nsapato yanga yodula n'kusupuka, chitsekocho n'kutsekeka ine ndili mkati.

Kuseri kwake n'komwe munkalemba miyezo yathu ndi pensulo. Ndinali nditaiwala. Mizere itatu yotsika pansi, mwana aliyense wakewake: chaka, khosi, mapewa, chifuwa, chiuno, mkono. Mzere wa achemwali ndi wautali. Wa Chete wafika mpaka pansi penipeni, moti chakumapeto munkalemba mutagwada. Wanga unathera pa chaka chomwe ndinachoka, chiuno 30. Pansi pake munapitiriza kulemba zaka zokha, chaka chilichonse, kutsogolo kwake kopanda kanthu. Ndinaziwerenga ndi chala: makumi awiri ndi ziwiri.

Pansi pa tebulo lodulira nsalu panali bokosi lachitsulo. Nditalitsegula ndinalandiridwa ndi fungo la mankhwala a njenjete. Nsalu zanga zonse khumi ndi zinayi zinali momwemo, iliyonse yokulungidwa m'pepala lakelake. Mtima unandiwawa kuposa pa wailesi paja. Ndinati ngakhale kuzigulitsa munaona ngati n'kudetsa manja. Ndinatulutsa imodzi, yabuluu yoderako, yomwe ndinaigula chipale chofewa chikugwa panja, n'kuitambasula mwaukali patebulo kuti ndione ngati njenjete zandichitira chifundo.

Kumbuyo kwake kunali mizere ya choko. Munajambula msana wa jekete, mikono iwiri, ndi miyendo ya buluku. Inu munali wamfupi, Bambo, Chete nayenso ndi wamfupi. Mikono imeneyo ndi miyendo imeneyo ndi ya munthu mmodzi yekha pabanja pathu. Koma mizere ya m'mbali munalibe. Pachifuwa ndi pachiuno simunajambule kalikonse. Pakona munabaya kapepala ndi pini, ndi dzanja lanu lopendekera lija: Mphepo, akabwera. Ndinatsegula yachiwiri, chimodzimodzi. Ndinatsegula zonse mpaka ya khumi ndi chinayi, ndipo ndinakhala pansi pafumbi ndi suti yanga yoyera.

Lamulo lanu ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. Simunkaika sizasi pansalu ya munthu amene simunamuyeze ndi manja anu. Mkwati wina anatumiza miyezo pakapepala, munamubweza mthenga wake sabata ya ukwati. Ndipo pansi pamenepo ndinakumbukira chomwe chinkachitika ndikabwera kudzakuonani. Ndinkaima pakhonde, injini yosazimitsa, foni kukhutu. Inu munkavula tepi m'khosi n'kunena kuti ndilowe mphindi makumi awiri zokha. Ine ndinkati ulendo wina. Ndinkaganiza kuti mukufuna kundisokera malaya a zidutswa ngati a Chete. Ulendo wina ndinakuuzani, anthu akumva, kuti suti zanga amasoka ndi telala wakunja amene amavala magolovesi pogwira nsalu. Mapewa anu anagwedezeka. Ndinkayesa mukuseka.

Musaganize kuti nsanje inathera pomwepo. Inakula. Chete anamva manja anu pamapewa pake maulendo makumi awiri ndi awiri kuposa ine. Anamva tepi yozizira ija pakhosi, inu mukung'ung'udza manambala ndi mapini m'kamwa. Ndingagule msika wonse womwe iye amachitapo lendi, koma zimenezo palibe sitolo yomwe ndazionapo, ndipo masitolo ndawaona ambiri.

Chete anandipeza masana ndili pansi pomwepo, nsalu zitandizungulira. Achemwali anatsalira panja kulimbana ndi udzu. Ndinamukalipira kuti ankadziwa bwanji osandiuza. Anayankha mwa chizolowezi chake, mawu otsika, maso pansi, kuti munamuletsa. Akuti munati Mphepo akangomva atumiza manambala pa foni, mwinanso atumiza telala wake wa magolovesi uja. Ndinafuna kukana, koma nonse awiri mumandidziwa.

Kenaka Chete analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndamumvapo chibadwire. Anati zaka makumi awiri anakhala pambali panu, kukutungirani ulusi pa singano maso anu atayamba kufooka, kukuperekezani kuchipatala, koma bokosi limenelo simunamulole kuligwira ngakhale kamodzi. Anati dzuwa likawala bwino munkayanika nsaluzo pachingwe, aliyense wodutsa n'kumamuitana, kumuuza kuti iyi yachokera kutsidya kwa nyanja, iyi kudziko lozizira, gwirani koma musambe kaye m'manja. Iye n'kumamvera, atavala zidutswa. Anati, achimwene, inu mumabwera kamodzi pachaka n'kutenga nkhani zonse za pakhomo, ine wokhala pompano sindinakambidwepo. Ndisaname, Bambo, ndinasangalala. Ndinaseka misozi ikutuluka, iye n'kunditukwana koyamba m'moyo wake, achemwali n'kulowa akuthamanga poyesa tikumenyana.

Nyumba sitinagulitse. Ndinamuuza mlimi uja kuti akafune malo kwina, ndipo sabata yamawa amisiri akukakhoma malata atsopano. Kapapaya kaja Amayi akuti tikazule bwinobwino tikabzale panja.

Koma tisanachoke tsiku limenelo, ndinaona kuti tepi yomwe inali m'khosi mwa Chete ndi yanu, yomata ndi ulusi wakuda pa nambala 12 paja. Ndinavula jekete. Ndinazimitsa mafoni anga onse awiri, chinthu chomwe sindinachitepo ngakhale pa ukwati wanga. Ndinaima pakati pa chipinda chanu, manja otambasula. Chete anayamba ndi khosi, mmene munkayambira inu. Atafika pamimba anandimenya ndi chigongono kuti ndisiye kukoka mpweya. Chiuno 44. Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. Chete analemba manambalawo pachitseko, mu mzere wanga, pansi pa chaka chomaliza chomwe munalemba inu. Nsalu yabuluu ija wapita nayo kushopu kwake, akaidula potsatira choko chanu.

Iye ndi wachangu kukuposani, anamaliza pa mphindi zisanu ndi zinayi. Anati tatha, achimwene, valani. Ine ndinakana. Ndinaimabe pomwepo, manja otambasula, iwo akundiyang'ana, mpaka zotsalazo zitakwana. Munandipempha mphindi makumi awiri, Bambo. Ndabweza zonse makumi awiri, osachotserapo ngakhale imodzi.

Amayi, achemwali, Chete, azipongozi anu ndi adzukulu anu asanu ndi atatu akukulirani. Koma woyamba ndine.

Sitidzakuiwalani, Bambo, ine makamaka.

Mwana wanu,
Mphepo