Tsabola m'gambutsi lanu

Bambo a Tadala,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, kungoti Tadala akutsokomolabe, ndipo ine tulo sitikubwera.

Magambutsi anu akudimba aja anang'ambika mpaka makoswe anayamba kugonamo. Ndiye ndinatenga lakumanzere, ndinaliboola pansi ndi msomali wamoto, n'kuthiramo dothi ndi manyowa, n'kubzalamo tsabola, monga amachitira amayi abusa ndi maluwa awo. Ndinalipaka penti yotsala pachitseko ija. Likukongola ndithu pakhondepa, tsabolayo wayamba kale maluwa.

Lamulungu lapitali amayi anu anabwera kuchokera ku Kabudula. Atangoliona anaima chilili pabwalo, mphasa anaikana.

"Mwana wanga ali moyo, inu mwathira kale dothi mu nsapato yake? Mwamuika m'manda eti?"

Ndinati, "Amayi, ndi tsabola chabe."

Ngakhale madzi sanamwe. Anabwerera ndi kabaza yemwe anawabweretsa, akupukuta misozi ndi chitenje.

Chichokereni iwo mtima wanga suli m'malo. Gambutsilo ndimalinyamula kuti ndikakhuthule kudzala, ndikafika pakati pa bwalo ndimabwerera nalo. Nanga ndikanawatsimikizira bwanji kuti muli bwino, poti ngakhale ine foni yanu sindikuipeza chikololereni chimanga?

Chonde aimbireni amayi amve mawu anu, kenako mundiimbirenso ine. Mulungu akusungeni kumeneko.

Gambutsi lakumanja sindinaliboole. Ndalitsuka, lili kuseri kwa chitseko. Koma mvula ikayamba musanabwere, nalonso ndithiramo dothi.

Ndine mkazi wanu,
Nabanda