Chiwindi cha Mkamwini Wanu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi miyendo ija ikutupabe? Nanga mankhwala a bipi mukumwa tsiku lililonse, kapena mwayambiranso zija zomwa pokhapokha mutu ukawawa? Kuno ana ali bwino, ine ndiye makina osokera sakundipatsa mpata.

Ndalemba chifukwa cha zomwe mng'ono wanga wandiuza pafoni. Akuti mutamva zoti mkamwini wanu ali ndi matenda a chiwindi, munanena kuti ndiye kuti amamwa mobisa, ndipo asadzapondenso pakhomo panu. Amayi, zandiwawa. Zaka khumi ndi zinayi ndili nawo bambo a anawa, botolo lomwe ndaliona m'manja mwawo ndi la zakumwa zotsekemera basi. Ndipo ndi lomwelo latipweteka.

Zinayamba ndi kutopa. Akaweruka koyendetsa basi ankangofikira pampando, nsapato osavula. Kuntchito kwawo atayeza madalaivala onse, iwo anawapeza bipi itakwera, shuga ali m'malire, mafuta m'magazi ali ambiri. Atawaunika m'mimba ndi makina, anati chiwindi chadzaza mafuta. Ndisaname, inenso ndinawayang'ana ndi diso lanu lomwelo.

Dokotala, mayi wodekha bwino, anaona nkhope yanga n'kuseka. Anati mowa umawononga chiwindi ndithu, koma si wokhawo. Anati mimba yaikulu, shuga, bipi ndi mafuta a m'magazi zimakonda kuyendera limodzi, ndipo thupi likalephera kugwiritsa ntchito zomwe tadya, chiwindi ndicho chimasanduka nkhokwe. Chimadwala mwakachetechete, ena mpaka chimauma asanamvepo ululu. Kenako anatenga tepi, yofanana ndi yanga yakushopu, n'kuwayeza m'mimba.

Apo ndiye manyazi anandigwira. Ine telala, manambala amenewo ndinkawadziwa kalekale! Chaka chilichonse ndinkawakulitsira mathalauza a yunifolomu, kumasula msoko, kuikamo kansalu kumbuyo, uku ndikunyadira kuti amuna anga ndikuwasamala. Inunso tikabwera munkauza aneba kuti aone mimba ya mkamwini wanu, zikumuyendera.

Koma bambowa, Amayi, ndawagomera. Ine ndinkati ziwathera sabata imodzi. Ayi ndithu. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano akupita kudepoti wapansi, mphindi makumi anayi, kaya mvula kaya dzuwa. Tiyi uja ankathiramo masupuni anayi a shuga akumwa wopanda kanthu, nkhope atakwinya, koma osadandaula. Nthawi yopuma anzawo akamagula tchipisi, iwo amatsegula kabokosi ka nyemba ndi masamba. Anzawowo kale ankawatcha Achimimba, pano akuwaseka kuti mkazi akuwamana chakudya, eniake amangoseka nawo. Taonani, madalaivala awiri mwa osekawo ayamba kuyenda nawo m'mawa.

Mathalauza aja ndawabweza kawiri, tinsalu tonse ndachotsamo. Sabata yatha dokotala anati magazi akuonetsa kuti chiwindi chikupepukidwa, bipi nayo yatsika, kungoti asalekerere.

Mawu anu aja ndinawauza bambowa, mukudziwa kale kuti pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndinkayembekeza kuti apsa mtima. Koma iwo anangondifunsa ngati inuyo munayezetsapo chiwindi, poti shuga ndi bipi muli nazo kale, chikhalirecho mowa simunaulawepo chibadwire. Munthu mwamukana pakhomo, iye akudera nkhawa chiwindi chanu!

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muenvulopumu muli chingwe. Mkamwini wanuyo wadula yekha pa ulusi wanga wokhuthala uja, monga anamuphunzitsira dokotala. Mng'ono wanga akuyezeni nacho kuyambira kumutu mpaka kuphazi, adule chotsalacho, achipinde pakati, ndiye achizungulize m'mimba cha pamchombo. Nsonga zake zikakana kukumana, chonde pitani kuchipatala mukapemphe kuti akuoneni chiwindi. Musati palibe pomwe pakupweteka. Iwonso panalibe.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, mng'ono wanga ndi ana ake. Adzukulu anu akuti akukusowani.

Mwezi wamawa bambowa ali patchuthi, ndipo akufuna kudzakuperekezani okha kuchipatalako. Akuti mukawakaniza kulowa adzakudikirani kumsewu, poti masiku ano kuima sakutopa nako. Mundiyankhe, Amayi, ndiwauze kuti adzafikire pati.

Ndine mwana wanu woyamba,
Telala wamakani uja